Ngalande Yopanda Kotulukira

Alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga, anagwira ntchito ya mumsewu zaka makumi atatu ndi chimodzi. Sanali oyendetsa makina, sanalinso olembera. Ankakumba ngalande za m'mbali mwa msewu ndi kutsegula makalavati, mapaipi aja odutsitsa madzi pansi pa msewu, akatsekeka ndi mchenga. Anzawo a kuntchito anawapatsa dzina loti a Ngalande, ndipo linawakakamira mpaka lenileni linaiwalika. Ine ndimangowaitana kuti alamu, iwonso amandiitana chimodzimodzi.

Ndikulemba za iwo chifukwa cha mtengo wa lalanje umene uli kuseri kwa nyumba yanga. Anaubzala amuna anga kutatsala chaka ndi miyezi iwiri kuti amwalire, ndipo chaka chatha unangotsala pang'ono kuuma. Kuno mvula ndi yosowa. Chaka chabwino imagwa yamphamvu kanayi kapena kasanu, ina yonse ndi yongonunkhitsa fumbi. Madzi a pampope amatuluka Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa, masiku ena osatuluka n'komwe. Mtengo waung'ono ukaphonya mvula ya chaka chimodzi, sufika chaka chinacho.

Alamu ndi oyamba kubadwa. Sukulu anaisiyira panjira kuti mng'ono wawo apitirize, ndipo mng'ono wawoyo anadzakhala mphunzitsi, n'kudzakwatira ine. Iwo anatsata msewu. Msewu ukasuntha, nawonso ankasamutsa kanyumba kawo ka malata. Akazi awo anatopa ndi kusamukasamuka, anabwerera kwawo ndi mwana mmodzi wamkazi, popanda ndewu, popanda mlandu. Alamu sanakwatirenso. Chimene anatuluka nacho pantchitoyo ndi fosholo, piki, wilibala yopindika mwendo umodzi, ndi mawondo otupa.

Amayenda maso ali pansi. Anthu osawadziwa amati ndi aulemu kwambiri, koma si ulemu, amakhala akuona kumene nthaka yapendekera. Akalowa pakhomo pa munthu, asanapereke n'komwe moni, amadziwa kale kuti mvula ikagwa madzi adzadzera pati. Tsiku lina atandiperekeza kutchalitchi, anauza mkulu wa mpingo pakhomo penipeni kuti khonde lawo analipendeketsa molakwika. Mkuluyo anakhumudwa. Mvula itagwa, madzi analowadi mpaka pa benchi yachitatu.

Lamulo lawo linali limodzi, limene kapitawo wawo woyamba anawapatsa ali ndi zaka makumi awiri: madzi asagone pamsewu. Ankati madzi oyenda alibe vuto, oima ndiye amadya msewu kunsi kwake. Choncho ngalande iliyonse ankaitsitsa chikhatho chimodzi pa mapazi khumi aliwonse, osagwiritsa chingwe, osagwiritsa levulo yoyezera. Mabwana ankabwera ndi makina awo oyezera, n'kupeza kuti palibe chokonza. Nkhani imeneyi ndinaimva kambirimbiri.

Alamu atapuma ntchito, amuna anga anakawatenga n'kuwapatsa chipinda cha kuseri. Awiriwo sankacheza kwambiri. Ankangokhala pakhonde kumvera wailesi, wina mpando uwu, wina uwo. Kusiyana maganizo kwawo kumene ndikukumbukira ndi kumodzi. Amuna anga anapita kumaphunziro a masiku atatu kwa mlangizi wa zaulimi, n'kubwerako ndi kope lodzaza zojambula. Anati akufuna kukumba ngalande yodutsa chopingasa kumtunda kwa lalanje, yosapendekera mbali iliyonse, yotseka uku ndi uku, kuti madzi a padenga akalowamo aziima n'kumalowa pansi pang'onopang'ono.

"Yotseka uku ndi uku?" anatero alamu. "Iwe, imeneyo si ngalande. Ndi bafa la achule."

"Achimwene, inu munkapulumutsa msewu. Ine ndikufuna kupulumutsa madzi."

"Sukulu inakupweteka iwe."

Anaseka onse awiri. Ngalandeyo sinakumbidwe. Amuna anga anangokwanitsa kuyala udzu wouma kuzungulira mtengo ndi kukwirira mphika wadothi pafupi ndi tsinde, woti azithiramo madzi n'kumadontha okha kumizu. Kenako anayamba kudwala.

Za maliro ndilibe zambiri zonena. Anthu anabwera, anaimba, anapita. Amayi a kumpingo ankati ndine wolimba mtima chifukwa sindinkalira. Sikunali kulimba. Ndinkangomva ngati dzanja limene munthu waligonera. Chakudya ndinkadya, kukoma kwake osakumva. Kupemphera sindinasiye, m'mawa ndi madzulo, koma mawu ankangotuluka okha ngati ndikuwerenga mayina a ana a anthu ena.

Ndinkasesa. Ndinaleredwa kuti pakhomo pa mkazi wopemphera pasapezeke tsamba ngakhale limodzi, ndipo miyezi imeneyo tsache ndi chinthu chokha chimene manja anga ankachidziwa. Ndinkayamba kumaso, n'kuzungulira kuseri. Udzu umene amuna anga anayala pansi pa lalanje ndinausesa, ndinauunjika pakona, ndinauotcha. Masamba akagwa ndinkawasesanso. Pansi panayera mbee, panauma gwa ngati simenti. Mphika uja ndinkauona kukamwa kwake, koma sindinathiremo kanthu.

Alamu anandiyang'ana miyezi inayi osanena kanthu. M'mawa wina anandipeza ndi tsache kuseri.

"Alamu, tagwirani pansipo."

Ndinawerama n'kugwira. Dzuwa linali lisanakwere kwenikweni, koma nthaka inali yofunda kale.

"Tsopano yang'anani mmwamba."

Masamba anali atapiringizika, achikasu, nthambi ziwiri zakumwamba zitauma.

"Kuchipatala kuja, inu mutapita kukatenga madzi otentha, mng'ono wanga anandiuza mawu awiri. Anati, achimwene, mtengo uja."

"Basi?"

"Basi."

"Za ine sananenepo kanthu?"

"Ndinamufunsa. Anati inu mukhoza kudzitungira nokha madzi, mtengo sungathe."

Ndinazindikira kuti ndi mawu awo ndithu, ndi mmene ankayankhulira. Ndinadikira kuti ndimve kanthu mumtima. Sindinamve. Ndinangoti, "Chabwino."

Kuyambira tsiku limenelo alamu analanda madzi onse otha ntchito a m'nyumba. Otsukira mbale, otsukuluzira zovala, osambira m'manja, ankawasefa pa chiguduli n'kukathira mumphika uja, n'kuvundikira ndi mwala. Anakamweta udzu wouma kumbali kwa msewu, anaututa pa wilibala, anauyalanso. Mtengo unaleka kuthothoka koma sunaphuke. Ndowa imodzi patsiku inkangoulepheretsa kufa. Alamu anati mizu yake ikufuna madzi ambiri a pansi, ndipo madzi oterowo ndi a mvula basi.

Mitambo itayamba kuoneka, anandipempha kope lija. Maso awo saona bwino zolemba, ndiye ndinawawerengera ine. Kuya kwake kulekeza m'mawondo. Dothi lokumbidwa liunjikidwe kumunsi kwa ngalande ngati mzere. Pansi pake pakhale pofanana kuchokera kumapeto kufika kumapeto. Patsamba lotsatira amuna anga anajambula timitengo titatu, tiwiri tomangidwa pamwamba ngati denga, kachitatu kopingasa, ndi chingwe chomangirira mwala cholendewera pakati. Chingwe chikagwera pachizindikiro cha pakati pa kamtengo kopingasa, ndiye kuti miyendo iwiriyo yaponda pofanana.

"Tsambalo lidumpheni," anatero alamu.

"Alemba kuti n'lofunika. Ajambulanso mzere kunsi kwake."

"Alamu, mabwana a makina ankandigwira chanza. Lero ndiziyeza nthaka ndi timitengo ngati mwana akusewera? Diso langali ndi levulo."

Ndinadumpha tsambalo.

Anakumba masiku asanu ndi anayi, m'mawa mokhamokha chifukwa cha mawondo. Ndinali ndisanawaonepo akugwira ntchito yawo yeniyeni. Sankathamanga. Piki inkagwa pomwe ankafuna, fosholo inkatsatira, m'mbali mwa ngalande munkatsala mosalala ngati mwadulidwa ndi mpeni. Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala atelala, bambo wokonda zocheza amene amasokera pakhonde la nyumba yake. Tsiku lililonse ankasuzumira.

"A Ngalande, akulembaninso ntchito? Msewu umenewu ukupita kuti?"

"Ukupita kwanu, kuti makasitomala azithawa bwino."

"Mukamaliza mundiuze, ndidzabwere ndi mbedza."

"Inu sokani mabatani, zamadzi zisiyeni."

Mvula yoyamba inagwa Lachinayi masana. Inayamba ndi mphepo, kenako inakhuthuka. Tinaima pakhonde la kuseri, ine ndi alamu. Madzi a padenga anatsika ndi paipi, analowa mungalande, n'kuyamba kuyenda. Ankayenda bwino kwambiri, mosakhota, mosachedwa pena paliponse, kulowera kumapeto a kumpanda. Kumeneko anaunjikana kanthawi kochepa, anaboola dothi lotsekera, anadutsa kunsi kwa mpanda, anasefukira pakhonde la atelala, n'kutulukira mumsewu. Mvula inagwa pafupifupi ola lathunthu. Itakata, ngalande inali yopanda madzi, pansi pake potsukika bwino. Alamu anakanda ndi chala pafupi ndi mtengo, kunja kwa udzu. Chinyezi chinangolekeza pa mfundo yoyamba ya chala.

Atelala anatulukira pampanda atapinda buluku, atanyamula nsalu zonyowa.

"Zikomo kwambiri a Ngalande, mwandikolopera khonde ulere. Msewu uja unkabweradi kwathu eti?"

Atelala anayang'ana alamu, anayang'ana ine, anabwerera mwakachetechete.

Alamu anakhala pa wilibala nthawi yaitali, akuyang'ana manja awo.

"Ndinkaona ngati ndikukumba mofanana," anatero. "Tsiku lililonse ndinkayang'ana, ndinkaona zili bwino. Dzanjali landinamiza, ndipo diso lavomereza."

Ndinawauza kuti chakudya chapsa. Anati sakumva njala. Ndinadya ndekha. Ndinkadziwa kuti pa mvula zinayi za chaka, imodzi yapita mumsewu, koma ndinkangozidziwa ngati mmene munthu amadziwira tsiku la mwezi.

M'mawa mwake ndinadzuka, ndinapemphera, ndinatuluka. Pamene ndinkazindikira, ndinali pansi pa lalanje, tsache lili m'manja, theka la udzu uja nditaliunjika kale pakona. Sindikukumbukira kuti ndinaganiza zosesa. Alamu anali ataima pakhomo la chipinda chawo. Sindikudziwa kuti anayamba liti kundiyang'ana.

"Ndiye kuti matenda athu ndi amodzi," anatero.

Anabwera, anatenga tsachelo, analiponya padenga la bafa. Kenako anatenga chikwanje n'kutuluka. Anabwerako ndi timitengo titatu. Anatimanga okha, anamangirira mwala kuchingwe, anandipempha kuti ndiwawerengere tsamba lija kawiri.

Ntchito imeneyi imafuna anthu awiri, wina kugwira timitengo ndi kuona chingwe, wina kukhoma zikhomo ndi kukonza pansi. Ine ndinagwira timitengo. Tinayambira kupaipi. Titangoimika koyamba, chingwe chinapendekera kumpanda.

"Chikunama chingwecho," anatero alamu. "Mwina mphepo."

"Kulibe mphepo, alamu."

"Mwina mwagwira mokhota."

"Bwerani mugwire nokha."

Anagwira. Chingwe chinapendekera komwe kuja. Tinayenda ngalande yonse choncho, mwendo uwu kuzungulira, mwendo uwo kuzungulira, alamu akuika chizindikiro. Titafika kumapeto anawerengera ndi zala, anayeza ndi dzanja pakhoma la ngalande.

"Chikhatho chimodzi pa mapazi khumi," anatero. "Ndendende. Mwaona? Ngakhale kulakwitsa ndalakwitsa mwaluso."

Aka kanali koyamba kuwaona akumwetulira chichokereni kumanda.

Kukonza kunatenga masiku asanu ndi limodzi. Kumtunda anakumba kuonjezera, kumunsi anabwezera dothi n'kulisinja ndi chipika. Sankadzikhulupiriranso. Akachotsa fosholo zitatu ankati, "Alamu, chingwe," ine n'kuimika timitengo. Nthawi zambiri ankapeza kuti dzanja layambanso kutsetsereka. Ankalitukwana pang'ono, kenako n'kupepesa kwa ine. Mapeto onse awiri anawatseka ndi miyala ndi dothi. Pamalo amodzi, monga kope linanenera, anasiya mzere uja wotsikirapo pang'ono n'kuyalapo miyala, kuti ngalande ikadzaza kwambiri madzi otsala azidutsa pamwamba osagumula. Mkati tinathiramo udzu ndi masamba. Pamzere ndinabzala nandolo ndi mbewu ya mbatata. Atelala anatipatsa thumba la tinsalu todukaduka ta thonje kuti tiyale pansi pa udzu. Anati n'kulipira chifukwa cha khonde lawo lija.

Kenako mvula inasowa masiku makumi awiri ndi atatu. Kumwamba kunayera. Lalanje linatayanso masamba ena. Alamu anachepetsa madzi awo osamba kuti mphika usaume. Sanandiuze, ndinangoona ndowa.

Inabwera Lamlungu, ndikuchokera kutchalitchi. Inandipeza pageti. Ndinazungulira kuseri osalowa n'komwe m'nyumba, ndipo ndinapeza alamu ali kale pamvula, opanda chipewa. Madzi analowa mungalande n'kufalikira uku ndi uku mofanana. Sanathamangire kulikonse. Anangoyamba kukwera, udzu ukuyandama pamwamba. Anafika theka, anapitirira, anatsala zala zitatu kuti afike pamiyala paja.

Alamu anayamba kuyendayenda. Anapita kumapeto, anabwerera, anapitanso. Ndinawaona akulowa m'chipinda chawo n'kutuluka ndi fosholo.

"Mukupita nayo kuti?"

"Ndingotsegula pang'ono pakona. Pang'ono chabe. Aima kwambiri amenewa."

"Ndiye mmene tinkafunira."

"Alamu, simukuwadziwa madzi inu. Ndaona milatho ikupita. Madzi akaima chonchi amakhala akuganiza zoipa."

Anali ataika kale nsonga ya fosholo pa dothi lotsekera kumpanda. Ine si munthu wolimbana ndi aliyense, ndipo alamu sindinawatsutsepo chikwatiwireni pabanja pawo. Koma ndinapita ndi nsapato zanga za kutchalitchi, ndinalowa m'matope, ndinagwira mpini wa fosholoyo ndi manja awiri.

"Asiyeni agone."

"Idzagumuka."

"Munamanga ndinu. Sigumuka."

Anakoka pang'ono. Sindinasiye. Tinaima choncho, mvula ikutimenya, Baibulo langa lili m'chikwama kukhwapa likunyowa. Madzi anafika pamiyala, anadutsa pamwamba pang'onopang'ono monga kope linanenera, n'kukalowa muudzu wa pansi pa lalanje. Dothi lotsekera silinasunthe. Patapita nthawi ndinamva kuti mpini wapepuka. Alamu anali atausiya.

"Itengeni," anatero. "Mukaibise komwe sindingaione."

Ndinakaiika pansi pa bedi langa, mbali imene ankagona amuna anga.

Madziwo anaima mpaka Lachiwiri m'mawa. Masiku awiri amenewo alamu anasamutsa mpando wawo n'kukakhala kumaso kwa nyumba, chifukwa ankati akawayang'ana mutu ukuwawa. Atelala anasuzumira pampanda ndi ulusi womangirira phini, anati abwera kudzawedza. Lachiwiri madzi anali atalowa onse pansi. Alamu anatenga chitsulo chachitali n'kubaya pafupi ndi mtengo. Chinalowa chokha mpaka m'chigongono, chinatuluka ndi matope.

Chaka chimenecho mvula yamphamvu inagwanso kawiri kokha. Ulendo uliwonse ngalande inadzaza, ndipo ulendo uliwonse alamu ankakakhala kumaso. Patapita milungu itatu chigwereni mvula ya Lamlungu ija, lalanje linatulutsa timasamba tatsopano m'munsi mwa nthambi zouma zija. Alamu anandiitana kuti ndidzaone. Ndinaona. Anandiyang'ana kumaso ngati akudikira kanthu, ine ndinangoti, "Laphukadi." Sanandifunse zambiri.

Tsopano tili pakati pa nyengo yotentha, mwezi wachisanu chigwereni dontho lomaliza. Mitengo ya anthu ena mumsewu muno yayoyoka. Lalanje lathu lili ndi masamba ake onse, ndipo landipitirira msinkhu. Silinachite maluwa, alamu akuti mwina chaka chamawa. Nandolo uja akuchitira mthunzi ngalande. Mawondo a alamu afika poipa, wilibala saikankhanso, udzu ndimakamweta ndine. Atelala anawapempha kuti akawakumbire ngalande yotereyi kwawo. Alamu anavomera kuti adzangoyang'anira atakhala pampando, ndipo anati popanda timitengo tija sapita, chifukwa diso lawo ndi la msewu. Fosholo ndinawabwezera mvula itatha. Anati mitambo ikadzayambanso ndidzaitengenso.

Tsache ndinalitsitsa padenga la bafa. Ndimasesa kumaso kokha, ndipo zimene ndasesa ndimakazithira pansi pa mtengo. Masiku ena ndimapezeka ndafika nalo pakona ya nyumba, n'kubwerera. Kulira sindinalirebe. Abusa anati ndisadzikakamize, Mulungu amamva ngakhale munthu atangokhala chete, ndipo ndinawakhulupirira.

Dzulo masana, dzuwa lili pamutu, ndinapita kukathira madzi otsukira mbale mumphika. Nditavundikira, ndinalowetsa dzanja pansi pa udzu. Nthaka inali yozizira, yonyowa pang'ono. Ndinalisiya dzanjalo pomwepo kanthawi ndithu, mpaka alamu anaitana kuchokera pakhonde kufunsa ngati madzi a tiyi awira. Ndinadzuka n'kukaona.